SITEKI YA MU AIR FRYER: NANGA MSUZI WA MNANSI UCHOKERA KUTI?

Tsiku lachiwiri la Idi ya nsembe, kumayambiriro kwa mwezi wa Juni chaka cha 2025, tidaitanidwa kukadya nkhomaliro kwa m'bale wathu wina wa ku Masongola, kunsi kwa phiri la Zomba. Kunja kunkazizira monga kumachitira kumeneko nyengo imeneyi. Fungo la nyama yootcha lidatichingamira pachipata, koma utsi sitidauone. Fungolo linkachokera m'kachipangizo kakuda konga ndowa yaing'ono, kamene mwana wa pakhomopo adatumiza kuchokera ku Joni. Dzina lake akuti air fryer.

Nyama yoyamba idatuluka youma ngati chikopa cha ng'oma. Yachiwiri idatuluka yofewa, koma atangoicheka madzi ofiira adayenderera m'mbale, ndipo agogo ena aamuna adabweza dzanja. "Ana inu, mwayamba kutidyetsa magazi?" adafunsa motero. Funso limeneli ndi ena amene adabuka pamphasapo tafuna kuti tikambirane, pakuti zipangizozi zayamba kufika m'makomo a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota komwe.

CHIPANGIZOCHI N'CHOTANI?

Kampani ya Philips ndi imene idachionetsa kudziko m'chaka cha 2010 mumzinda wa Berlin. M'kati mwake muli chitsulo chotenthetsa ndi magetsi, ndipo pamwamba pa chitsulocho pali fani imene imazunguliza mphepo yotenthayo mwamphamvu. Nyama imakhala m'kadengu koboolaboola, choncho mphepo imaipeza mbali zonse. Kunena zoona sichikazinga ayi, chimaotcha. N'chifukwa chake supuni imodzi yaing'ono ya mafuta imakwana pamene pachiwaya mukadathira kapu.

KODI MADZI OFIIRA AJA NDI MAGAZI?

Agogo aja sadalakwe kufunsa, chifukwa Msilamu sadya chinthu ali ndi chikaiko. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-An'am ndime 145, idaletsa magazi oyenderera, amene amatuluka pozinga chinyama. Koma madzi ofiira a m'siteki si amenewo. Ndi madzi a m'mnofu osakanikirana ndi chinthu chotchedwa myoglobin, chimene chimasunga mpweya m'minofu ndi kuipatsa nyama mtundu wake. Komanso ma ulama adafotokoza kuti timagazi totsalira m'mitsempha, chinyama chikazingidwa moyenera, tilibe mlandu.

Tsono chilolezo cha deen chisatiiwalitse za umoyo. Ng'ombe yozingidwa pakhomo kawirikawiri siyezedwa ndi a zaziweto, ndipo nyama yosapsa ingathe kupereka njoka za m'mimba. Akatswiri amati pakati pa siteki pafike madigiri 63 kapena kuposera apo, ndipo nyama yogaya ifike madigiri 71. Popeza ambirife tilibe choyezera, chekani pakati: ngati pakuoneka paiwisi, bwezerani. Ana, amayi oyembekezera ndi odwala apatsidwe yopsa bwinobwino.

NGATI CHIDAGWIRITSIDWAPO NTCHITO

Zipangizo zambiri zochokera ku Joni zimakhala zoti wina adaphikirapo. Ngati simukudziwa chimene chidaphikidwamo, kutsuka bwino ndi sopo n'kokwanira. Koma ngati mukudziwa kuti mudalowa nkhumba, ife otsatira Imam Shafi'i titsuke kadengu ndi mbale yake kasanu ndi kawiri, kamodzi mwa iko ndi madzi osakaniza ndi dothi loyera. Dothilo likhale losefa kuti lisakande kadenguko. Chipangizo chenichenicho musachiviike m'madzi. Ndipo tisaiwale kuti chipangizo sichisandutsa nyama kukhala halaal. Gulani kwa ozinga amene mukuwadziwa kapena kubutchala ya chiphaso cha Halaal.

KAPHIKIDWE KAKE

Chimene chidaumitsa nyama yoyamba ija n'chakuti idali ya mwendo, yodula mopyapyala, ndipo idakhalitsa pamoto. Ng'ombe zathu zimayenda mitunda italiitali kufuna msipu, choncho minofu ya miyendo ndi khosi ndi yolimba. Imeneyo ndi ya mumphika. Ya siteki ichokere kumsana kapena fileti. Nyama yongozingidwa kumene imayamba yauma kaye, ndiye ndi bwino igone m'firiji tsiku limodzi.

Dulani mopingasa mitsempha, kunenepa kwake ngati zala ziwiri zogundana. Ngati mukuikaikira, ipakeni papaya wamuwisi wosinja kwa theka la ola, kenaka muitsuke. Mukapitirira nthawi imasanduka phala. Ipukuteni ndi kansalu koyera mpaka iume, chifukwa nyama yonyowa siwauka, imangobwatuka. Pakani mchere, adyo, jinja, tsabola pang'ono ndi timafuta.

Yatsani chipangizo pa madigiri 200 chopanda kanthu kwa mphindi 4. Ikani nthuli ziwiri kapena zitatu zosasanjikizana, kuti mphepo idutse. Pakatha mphindi 6 tembenuzani, ndipo mudikirenso mphindi 6. Okonda yopsa kwambiri aonjezere ziwiri kapena zitatu. Mukaphula musacheke msanga. Ivundikireni kwa mphindi 5 kuti madzi ake akhazikike m'kati. Nyama yachiwiri ija adaicheka ikadali moto, n'chifukwa chake idalira m'mbale.

MAGETSI NDI MAKALA

Chipangizo cha mawati 1,500 chikayaka mphindi 20 sichidya kuposa theka la yuniti. Ali ku Masongola munthu akakweza maso amaona malo a m'phiri amene mitengo idatha, pamene madzi akumwa a mzinda wa Zomba amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri lomwelo. Thumba lililonse la makala limene silidagulidwe ndi mtengo umene wapulumuka. Komabe mbaula musaitaye. Tonse tikukumbukira mdima wa chaka cha 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. Ndipo abale athu ambiri a m'mbali mwa nyanja magetsi sadawafikebe. Iwo malangizo a kadulidwe ndi kafewetsedwe omwewa awathandiza pa kanyenya wa pamakala.

NANGA MNANSI?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Pamphasa paja tidalipo anthu khumi ndi mmodzi, koma kadengu kankatulutsa nthuli zitatu basi. Siteki idapangidwira munthu mmodzi ndi mbale yake, ndipo ilibe msuzi. Pamene m'buku la Imam Muslim timawerenga kuti Mtumiki Muhammad (S.A.W.) adalangiza Abu Dharr (R.A.) kuti akamaphika nyama azichulukitsa madzi ndi kupatsako anansi ake. Ma ulama amatilimbikitsanso kugawa nyama ya nsembe patatu: ya pakhomo, ya abale ndi abwenzi, ndi ya osauka. Kilogalamu imodzi yootcha ikhutitsa anthu anayi kapena asanu, koma yomweyo ikalowa mumphika ndi tomato ndi anyezi, banja lonse lidyera nsima, mbale ina n'kudutsa mpanda.

Mayi a pakhomo paja adaziona kale zimenezi. Ife tikulimbana ndi kachipangizo, iwo adali atatereka mphika waukulu wa mafupa ndi nthiti pasitovu kuyambira m'mawa. Siteki adaiduladula tizidutswa kuti aliyense alawe, agogo aja atamvetsa nkhani ya magazi adatengako kawiri, ndipo mwana adatumidwa ndi bakuli la msuzi kwa mayi wamasiye woyandikana nawo.

Owerenga athu okondedwa, amene Allah wampatsa chipangizochi achigwiritse ntchito mosakaika, ndipo ayambe ndi Bismillah. Koma tsiku limene kadengu kakulira m'khitchini, mphika wa msuzi nawo ukhale pamoto. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Allah (S.W.T.) aike madalitso m'chakudya chathu ndi cha anansi athu. Ameen.