Alendo ochokera ku Ulaya afika ku Chilwa

Loweruka lachiwiri la mwezi wa Okutobala, tsiku lomwe maiko amakumbukira mbalame zosamuka, ndidatenga ana a kalabu ya zachilengedwe ya pasekondale pomwe ndimaphunzitsa kupita nawo kumadambo a nyanja ya Chilwa. Tidanyamuka kusadache chifukwa dzuwa la mwezi umenewu silichita chibwana. Tidali ndi choonera patali chimodzi chobwereka, buku la zithunzi za mbalame lothothoka chikuto, ndi makope olembamo.

Kholo lina lidatiimitsa panjira. "Aphunzitsi, ana a Fomu 4 mukukawaonetsa mbalame? Mayeso adzalemba za mbalamezo?" Ndidaseka, koma funsolo lidandikhala pamtima ulendo wonse.

Nthawi ino ku Ulaya kwayamba kuzizira ndipo tizilombo touluka tikusowa, choncho mbalame zambiri zimatsikira kuno kudzapeza chakudya m'nyengo yathu ya dzinja. Zina mwa izo ndi anamzeze. Ambirife timayesa namzeze ndi mmodzi, koma ayi. Alipo athu omwe amamanga zisa zamatope pakhonde. Ndiye alipo alendo, ofiira pakhosi ndi pachipumi, okhala ndi mzere wakuda pachifuwa, omwe kuno samanga chisa ngakhale chimodzi. Amaswa ku Ulaya ndi ku Asia, amafika mvula ikayandikira, ndipo cha mu Epulo amabwerera kwawo. Kambalame kolemera pafupifupi magalamu 20 kamaoloka chipululu cha Sahara kawiri pachaka.

Ana sadakhulupirire. Sindidawadzudzule, poti azungu nawonso kalekale ankaganiza kuti anamzeze amabisala m'matope nthawi yozizira. M'chaka cha 1822, pafupi ndi Klütz ku Germany, adapha dokowe yemwe adali ndi mkondo wa ku Africa wobaya pakhosi. Dokoweyo adauluka nawo mkondowo ulendo wonse, ndipo mpaka lero amasungidwa ku yunivesite ya Rostock. Nditawafotokozera izi, mtsikana wina adafunsa ngati mkondowo udali wa agogo ake.

Koma amene adandiphunzitsa tsiku limenelo ndi mnyamata wina wa Fomu 2 yemwe m'kalasi samatsegula pakamwa. Adabwera legeni ili m'thumba la kumbuyo. Ine ndisadaone kanthu, iye adali ataloza kale. Amadziwa mbalame iti imatera pabango, iti imathamanga pamatope, iti imayamba kulira munthu akayandikira. Choonera patali adachikana, ati chikumusokoneza. Ndi iye adatiuza kuti tigwade tikhale chete, ndipo patapita kanthawi tidaona timbalame tamiyendo yaitali tikujompha m'matope m'mbali mwa madzi. Bukulo lidati timeneti timaswa kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Iye adangoti, "Timabwera chaka chilichonse, ndi tonona."

Apa mpovuta. Ku Chilwa mbalame ndi ndiwo, ndiponso ndi ndalama. Nyanjayi idauma mu 1995, idaphwanso kwambiri mu 2018, ndipo matemba akasowa anthu amatembenukira ku misampha ndi ulimbo. Chilwa ndi dambo loyamba m'dziko muno kulowa m'ndandanda wa mgwirizano wa Ramsar woteteza madambo, koma mgwirizano suphika nsima. Sindingaime pamaso pa mwana yemwe sukulu fizi yake imachokera m'mbalame zootcha n'kumuuza kuti bambo ake ndi olakwa. Sindidamulande legeniyo. Ndidamupatsa kope kuti azilemba zomwe waona, tsiku ndi malo ake.

Pobwerera tidawerenga mitundu yomwe tidalemba. Ina tidakangana, poti dzina la m'buku ndi la m'mudzi sizimagwirizana, ndipo ana ochokera m'mabanja a Chilomwe ndi Chiyao adali ndi maina awonso. Tidagwirizana kulemba onse mbali ndi mbali. Kwa kholo lija ndingayankhe kuti ana adaona okha dambo, nyengo ndi mapu zomwe ndimavutika kuwajambulira pabolodi ndi choko.

Lolemba mnyamata uja adandipeza pakhomo pa ofesi ya aphunzitsi, kope lili m'manja. Adali atajambula namzeze wofiira pakhosi, ati adaona ambirimbiri atandanda pawaya wamagetsi kumsika. Legeni idali m'thumba momwemo. Adafunsa ngati ndili ndi mapu oonetsa Sahara.