Driver wa kompyuta: mumusinthe liti, mumusiye liti?

Lachisanu pa 19 July 2024, nthawi itangopitirira 6 koloko m'mawa kuno kwathu, kampani ya ku America yotchedwa CrowdStrike inatumiza kafayilo kakang'ono ku makompyuta a makasitomala ake padziko lonse. Kampaniyi imagulitsa pulogalamu yoteteza makompyuta kwa akuba a pa intaneti, ndipo kutumiza timafayilo totere ndi ntchito yake ya masiku onse. Koma ka tsiku limenelo kanali ndi cholakwika. Patatha mphindi 78 eni ake anakabweza, koma paja madzi akatayika saoleka. Malinga ndi Microsoft, makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anali atagwa kale, akungoonetsa sikirini ya buluu ija. Mabanki, zipatala ndi mabwalo a ndege zinasokonekera. Kanema ya Sky News ku Britain inasiya kuulutsa kwa kanthawi, ndipo kampani ya Delta Air Lines inalepheretsa maulendo a ndege pafupifupi 7,000 m'masiku asanu.

Pulogalamu ya CrowdStrike si driver wa printer kapena wa sikirini, koma imagwirira ntchito pamalo omwewo pomwe pamakhala ma driver, m'kati mwenimweni mwa Windows. Pulogalamu wamba, monga Word, ikalakwitsa imangotsekeka yokha, inu n'kudandaula pang'ono n'kuitsegulanso. Chinthu cha m'katimo chikalakwitsa, kompyuta yonse imagwa nacho. N'chifukwa chake funso loti driver asinthidwe liti si la akatswiri okha. Limakhudza aliyense amene chakudya chake chimachokera pa laputopu imodzi.

Driver ndi kapulogalamu komasulira. Windows imalankhula chinenero chake, printer ili ndi chake, khadi ya Wi-Fi chake, kachipangizo kojambula zithunzi pa sikirini nakonso chake. Pakati pawo pamaima driver, ngati womasulira uja wa kutchalitchi amene amaima pambali pa mlaliki wochokera kunja. Womasulira akakhala wabwino palibe amamuganizira, anthu amangomva uthenga. Koma mukamusintha pakati pa ulaliki n'kuikapo wina amene simunamumvepo, mpingo ukhoza kumva zina. Ukhozanso kumva bwino kuposa kale, eya, koma simungadziwiretu.

Pa anzanga omwe timagwira nawo ntchito za nkhani pali magulu awiri. Ena akangoona mawu oti update amadina nthawi yomweyo, ati chatsopano ndiye chabwino. Ena sanasinthepo kanthu chigulireni laputopu, ati ikuyenda, ndiigwirirenji? Ine ndimatsamira kwa achiwiriwa, koma osati mpaka kumapeto. Maganizo anga ndi oti driver amasinthidwa pakakhala chifukwa chomwe mungachitchule ndi pakamwa, ndipo amasinthidwa pa tsiku lomwe mwasankha nokha.

Tiyambe ndi chifukwa chomusiyira. Mu March 2021 Microsoft inatulutsa update ya mwezi ndi mwezi ya Windows 10, yodziwika ndi nambala yoti KB5000802. Anthu ambiri omwe anali ndi ma printer a Kyocera ndi Ricoh anadabwa kuona kuti akangodina kuti asindikize, kompyuta ikugwa. Update ija sinagwirizane ndi ma driver ena a ma printer. Microsoft inakonza vutolo patatha pafupifupi sabata. Kwa munthu wa mu ofesi yaikulu sabata si kanthu, amaitana a IT. Koma taganizirani mayi yemwe ali ndi kashopu kotayipa, kusindikiza ndi kupanga fotokope pafupi ndi koleji, m'sabata yomwe ophunzira akupereka ma assignment. Sabata imeneyo ndi lendi ya mwezi.

Ngakhale makampani opanga zipangizo eni ake amaphonya. M'chaka cha 2010 NVIDIA inachotsa pa intaneti driver wake wa nambala 196.75 atadziwika kuti sakuyendetsa bwino fani yoziziritsa khadi ya zithunzi, moti makadi ena ankatentha mopitirira muyeso. Amene anachedwa kudina anapulumuka osadziwa n'komwe kuti kunali vuto.

Ndiye ngati mawu akumveka, Wi-Fi ikugwira, printer ikusindikiza ndipo sikirini siikuphethira, driver watsopano wa zinthu zimenezi nthawi zambiri sakuwonjezerani kanthu komwe mungakaone ndi maso. Laputopu yochedwa siithamanga chifukwa mwasintha driver wa kiyibodi. Kuchedwa kumachokera ku RAM yochepa, hard disk yakale kapena mapulogalamu ambirimbiri odziyatsa okha kompyuta ikamayaka.

Apa mpomwe pamalowera timapulogalamu tija todzitcha driver updater. Mukangokaika, kamayendayenda m'kompyuta kwa mphindi imodzi, kenako n'kukuonetsani zilembo zofiira: ma driver 27 ndi akale, kompyuta yanu ili pangozi. Mukafuna kukonza, kamati lipirani kaye. Kunena zoona, ine ndimationa ngati sing'anga amene aliyense wofika pakhomo pake amamupeza ndi matenda. Tina timaika driver wolakwika, tina timabwera ndi alendo osaitanidwa, zotsatsa malonda zongotulukira pa sikirini. Driver ali ndi kwawo kuwiri kokha komwe ndimakukhulupirira: Windows Update, ndi tsamba la kampani yomwe inapanga kompyutayo kapena chipangizocho, kaya ndi HP, Dell, Lenovo, Canon kapena Epson. Pa laputopu ndi bwino kuyamba ndi tsamba la amene anapanga laputopuyo, chifukwa nthawi zina amakhala atamusintha driver kuti agwirizane ndi batire ndi mabatani a mtundu umenewo.

Koma a gulu losakhudza kanthu lija nawonso asasekerere. Mu May 2021 ofufuza a kampani ya SentinelOne analengeza kuti apeza zibowo mu driver wina wa Dell wotchedwa dbutil_2_3.sys. Driver ameneyu anakhala akulowa m'makompyuta a Dell kuyambira 2009, kudzera m'mapulogalamu osinthira BIOS. Kwa zaka 12 palibe mwini kompyuta amene akanaona vuto lililonse: makina ankayaka, ankasindikiza, ankaimba nyimbo. Koma pulogalamu yoipa ikanangolowa m'kompyuta, ikanatha kudzera pa driver ameneyu n'kutenga ulamuliro wa makina onse. Dell inatulutsa njira yomuchotsera. Tsopano taonani m'mashopu ogulitsa malaputopu a kaunjika ku Limbe kapena ku Lilongwe, muwerenge ma Dell Latitude omwe ali pa shelefu. Ambiri anapangidwa m'zaka zomwezo. Kuyenda bwino kwa makina si umboni woti chitseko ndi chokhoma, ndipo kampani ikalengeza kuti update iyi ikutseka chibowo cha chitetezo, imeneyo si yoti mudikire nayo Khirisimasi.

Ndisiyanitsenso apa, chifukwa ambiri amaziphatikiza. Ma update a chitetezo a Windows yeniyeniyo, omwe Microsoft imatulutsa Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, si ofanana ndi ma driver ongosankha. Kachilombo ka WannaCry komwe kanagwetsa makompyuta a zipatala za NHS ku Britain mu May 2017 kanadzera pa chibowo chomwe Microsoft inali itatseka kale mu March chaka chomwecho. Amene anavulala ndi omwe anali asanaike update ija. Ma update a chitetezo mukhoza kuwadikiritsa masiku ochepa kuti mumve ngati ena akulira nawo, monga zinachitikira ndi ma printer aja, koma osati miyezi. Pomwe ma driver amene Windows imawaika pansi pa Optional updates, dzina lokhalo likunena: Microsoft yomwe imalangiza kuti muwatenge pokhapokha chipangizo china chikukuvutani.

Chifukwa china chosinthira n'chodziwikiratu: chinthu chafa. Bluetooth yasowa, mawu akudukaduka, Wi-Fi ikungodzichotsa, kapena sikirini ya buluu ikubwerabwera ikutchula fayilo yomweyomweyo yothera ndi .sys. Dzina la fayiloyo mulilembe, chifukwa kawirikawiri ndiye wolakwayo. Ndipo musinthe driver wa chinthu chokhacho chomwe chikuvuta. Mukasintha khumi nthawi imodzi, china n'kuwonongeka, mudzaloza uti?

Osewera magemu ndi okonza mavidiyo ali ndi nkhani yawoyawo. Khadi ya zithunzi ndi chipangizo chimodzi chomwe driver watsopano amabweretsadi kusintha kooneka, makamaka pa gemu kapena pulogalamu yongotuluka kumene. NVIDIA imatulutsa mitundu iwiri: Game Ready, yomwe imabwera pafupipafupi kutsatira magemu atsopano, ndi Studio, yomwe imabwera mwa apo ndi apo itayesedwa ndi mapulogalamu okonzera zithunzi ndi mavidiyo. Mnzanga wina wojambula maukwati amagwiritsa ntchito Studio, ndipo lamulo lake ndi loti sakhudza driver aliyense mpaka vidiyo ya mkwati itaperekedwa ndipo ndalama yalowa. Sindinapezepo pomutsutsa.

Za tsiku losinthira, kuno kwathu tili ndi zoganizira zomwe wolemba malangizo ku Seattle saziwerengera. Choyamba ndi bandulo. Driver mmodzi wa khadi ya zithunzi amaposa ma MB 500, ndipo ngati laputopu ikudya intaneti ya pafoni, Windows ikhoza kumaliza bandulo ya sabata inu mukuyankha imelo. Mu Settings muli poti mutchere intanetiyo ngati metered connection, ndipo Windows imachepetsa zokopera zokha. Mulinso Pause updates, yomwe imakulolani kuimitsa ma update mpaka masabata asanu. Wolemba dissertation kapena wokonza lipoti la kumapeto kwa mwezi, bataniyo anaikira inuyo. Chachiwiri ndi magetsi. Driver wamba akadukira panjira, nthawi zambiri mumangoyambiranso. Koma BIOS, kapulogalamu kamene kamadzutsa makina Windows isanayambe n'komwe, ikadukira pakati chifukwa magetsi azima, kompyuta ikhoza osayakanso mpaka ikafike kwa okonza. Pa desktop yopanda UPS, kapena laputopu yomwe batire lake linafa kalekale, BIOS musaiyambe dala nthawi yomwe magetsi sakudalirika.

Ndipo musanadine, konzani njira yobwerera. Mafayilo ofunika akhale pa flash kapena pa hard disk ina. Lembani mawu oti restore point pa malo ofufuzira a Windows, mupange imodzi, ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Driver watsopano akakukhumudwitsani, tsegulani Device Manager, dinani kawiri pa chipangizocho, pitani pa Driver, musankhe Roll Back Driver, wakale uja abwerera. Kompyuta ikakana kuyaka bwinobwino, Safe Mode imaidzutsa ndi ma driver ochepa okha ofunikira, n'kukupatsani mpata wochotsa wovutayo. Njira yomweyi ndi imene akatswiri ambiri anadzera pa tsoka la CrowdStrike lija, kuyenda kompyuta imodziimodzi kukafufuta kafayilo kamodzi.

Pali chinthu chimodzi chomwe chikukakamiza anthu ambiri kusintha ma driver ngakhale asakufuna. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 komanso, kumbali ya Intel, purosesa ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatula zochepa chabe. Malaputopu ambiri a kaunjika safika pamenepo. Amene makina awo akukwanira ndipo akuganiza zosamuka, ayambe alowa pa tsamba la kampani ya printer kapena scanner yawo, alembe nambala ya mtundu wake, aone ngati pali driver wa Windows 11. Ngati palibe, asunge kompyuta imodzi yakale yoti izisindikiza basi, yosalumikizidwa ku intaneti, mpaka ndalama ya printer ina itapezeka.