Chomwe chimachititsa kuti pulogalamu yatsopano ikanike pa makina akale

Pulogalamu ya kompyuta ikhoza kuyenda bwino pa makina a katswiri amene waikonza, koma n'kukana kutseguka ikaikidwa pa chipangizo cha mu ofesi. Nthawi zambiri vutoli limachokera ku zida zomwe katswiriyo anagwiritsa ntchito poikonza.

Mapulogalamu amalembedwa m'zinenero monga C, zomwe munthu amatha kuwerenga koma makina samva. Ntchito yotembenuza zolembazo kuti zikhale malamulo a makina imagwiridwa ndi pulogalamu ina yotchedwa compiler. Imodzi mwa zodziwika kwambiri ndi GCC, yomwe Richard Stallman anaitulutsa koyamba m'chaka cha 1987.

Komatu makina onse samva malamulo ofanana. Makompyuta ambiri a mu ofesi ali ndi processor ya mtundu wa x86, pomwe mafoni ambiri ndi timakompyuta monga Raspberry Pi, tomwe tinayamba kugulitsidwa mu 2012, tili ndi ya mtundu wa ARM. Popeza tizipangizo totere timakhala tochepa mphamvu, akatswiri amakonzera mapulogalamu ake pa kompyuta yaikulu pogwiritsa ntchito cross-compiler, yomwe imayenda pa makina a mtundu umodzi koma n'kumatulutsa malamulo a makina a mtundu wina.

Compiler siigwira ntchito payokha. Pa makina a Linux imayendera limodzi ndi binutils, yomwe imalumikiza zigawo za pulogalamu, komanso glibc, nkhokwe ya timapulogalamu tomwe mapulogalamu ena amabwerekako ntchito monga kutsegula mafayilo. Zida zonsezi pamodzi zimatchedwa toolchain.

Kumanga toolchain kumafuna ndondomeko chifukwa glibc imafuna compiler kuti imangidwe, pomwe GCC yathunthu nayo imafuna glibc. Motero akatswiri amayamba ndi GCC yosakwanira, n'kumangira glibc, kenaka n'kubwereranso kukamaliza GCC. Zida monga crosstool-NG, Buildroot ndi Yocto zinakonzedwa pofuna kuchepetsa ntchito imeneyi.

Vuto lalikulu limagona pa glibc. Pulogalamu ikamakonzedwa, imalemba nambala ya glibc yomwe ikufuna, ndipo ikapeza yakale pa chipangizo imakana kuyamba. Yokonzedwa ndi glibc yakale imayenda pa yatsopano, koma yokonzedwa ndi yatsopano kawirikawiri siyenda pa yakale.

Izi zinaonekera poyera glibc 2.34 itatuluka mu August 2021, pomwe gawo loyambitsa pulogalamu linapatsidwa nambala yatsopano. Mwachitsanzo, pulogalamu yokonzedwa pa Ubuntu 22.04, yomwe ili ndi glibc 2.35, imakana kuyamba pa Debian 11, yomwe ili ndi 2.31, ndipo imangolemba uthenga woti GLIBC_2.34 sinapezeke.

Pofuna kupewa izi, akatswiri amakonza pulogalamu pogwiritsa ntchito glibc yofanana ndi ya pa chipangizo kapena yakale kuposa pamenepo. Anthu osamalira chinenero cha Python anatsata njirayi pokhazikitsa muyezo wa manylinux2014, womwe unatsamira pa CentOS 7 ndi glibc 2.17 kuti mapulogalamu afikire makina ambiri. Komabe CentOS 7 inaleka kusamalidwa mu June 2024, zomwe zikusonyeza kuti muyezo nawo umakalamba.

Njira ina ndi yoika nkhokweyo mkati mwa pulogalamu momwemo. Kuipa kwake n'koti pakapezeka chibowo cha chitetezo m'nkhokwemo, pulogalamu yonse imayenera kumangidwanso.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri maofesi ogula makina ogwira ntchito zaka zambiri. Ngati wogulitsa sanasiye zolemba za pulogalamu, toolchain yake ndi nambala ya glibc yomwe anagwiritsa ntchito, katswiri wina adzavutika kukonza ngakhale cholakwika chaching'ono, ndipo ofesi ikhoza kukakamizika kugula makina ena pomwe akalewo akadali abwino. N'chifukwa chake zinthu zitatuzi zimayenera kulembedwa mu mgwirizano wogulira katundu usanasainidwe.