Mzere wa chipulula: voti yoponya mudzi wonse ukuona

Chichitikireni chisankho cha pa 16 September 2025, m'zipani maso ayamba kale kuyang'ana ku 2030. Omwe anagonja akulozana zala. Ena akuti mtsogoleri apume, ena akufuna msonkhano waukulu uchitike msanga, enanso akudandaula kuti mgwirizano ndi zipani zina unakanika chifukwa aliyense ankafuna mpando wapamwamba. Izi ndi zomwe zadzaza mawailesi ndi magulu a pa WhatsApp. Koma mukatsikira kumadera n'kucheza ndi amayi ovina komanso anyamata okweza mbendera, dandaulo lomwe amayamba nalo ndi la chisankho chachipulula.

Ziwerengero zikuwaikira umboni. Mu 2014 aphungu oima pawokha anapambana mipando 52 mwa 193, kuposa chipani china chilichonse. Mu 2019 anafika 55. Mu 2025, mipando itawonjezeredwa kufika 229, anachulukanso. Ambiri mwa iwo si alendo pa ndale ayi. Ndi ana a chipani omwe anagwa pa chipulula, kapena anachita kugwetsedwa, n'kukaima okha anthu atawakakamiza.

Mmene munthu amagwera pa chipulula zinaoneka bwino pabwalo la sukulu ina ya pulaimale m'chigawo chapakati, kutatsala miyezi yochepa kuti chisankho chichitike. Nthumwi zinauzidwa kuti zifike 8 koloko m'mawa. Akuluakulu ochokera kuchigawo anatulukira dzuwa litapendeka, atakwapatira fayilo ya mayina. Pofika nthawiyo malole awiri anali atatsitsa kale anthu omwe eni dera sankawadziwa nkhope, onse atavala nsalu zachipani zatsopano, zosalawa madzi, mizere ya mopindamo ikuonekabe. Anthu ataŵiringula, anauzidwa kuti amenewo ndi ochokera m'maeriya atsopano omwe anakhazikitsidwa mwezi wapitawo.

Opikisana anali atatu: phungu yemwe anali pampando, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, ndi mayi wina wamalonda. Anawaimika motalikirana, atafulatira gulu, n'kuwamanga nsalu kumaso. Wenzulo italira, aliyense anayenera kukaima kumbuyo kwa munthu wakumtima kwake.

Pakati pa nthumwizo panali mayi wina, wapampando wa amayi kueriya kwawo, yemwe amagulitsa tomato ndi bonya pamsika wapafupi. Sabata yonse mayiwa ankanena poyera kumjigo kuti munthu wawo ndi mphunzitsi uja, chifukwa ndiye anatsogolera mudzi kuumba njerwa za sikelo ya ana, ndipo anawaphunzitsira ana atatu. Ananyamuka ndithu kulowera kumzere wa mphunzitsiyo. Atayenda pang'ono anaima. Patsinde pa mtengo wa mango panali patakhala amfumu awo pamodzi ndi a gavanala a dera. Chapafupi, mnyamata wina wa kwa phungu ankayenda uku ndi uku akujambula kanema pafoni, pang'onopang'ono, nkhope imodziimodzi. Phunguyo ndi yemwe anagula bokosi amuna awo a mayiwa atamwalira, n'kutumizanso galimoto yokatenga thupi kuchipatala chaboma. Dzina lawo linalinso pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo, ndipo ngakhale palibe anawaopseza, iwo ankadziwa kuti mayina amatha kusowa popanda wofotokoza. Anamasula chitenje chawo n'kuchimanganso, anatembenuka, ndi kukaima kumapeto kwa mzere wa phungu atazyolika. Wowerenga anadutsa akukhudza phewa la aliyense, nalonso lawo analikhudza.

Phungu anapambana. Mphunzitsi analemba kalata yodandaula kulikulu la chipani, koma tsiku lopereka zikalata zoimira linafika yankho lisanabwere, choncho anaima payekha. Kampeni yonse mayi aja ankavina kutsogolo pamisonkhano ya phungu, ndipo nyimbo zambiri ankayambitsa ndi iwo. Pa 16 September, ali okha kuseri kwa katoni, anachonga mphunzitsi. Lero sabisa n'komwe. Amanena kuti pamzere paja anakabweza ngongole ya bokosi, koma voti yawo anaisunga. Mphunzitsiyo ndiye phungu wa derali tsopano, ndipo anasiya mnzake kutali kwambiri.

Apa ndi pomwe pagona mkangano womwe a ndale sakumvana: kodi vuto ndi mzerewo?

Oikira kumbuyo mzere ali ndi mfundo zomveka. Amati chipani sichingakwanitse kusindikiza mapepala ovotera, kugula mabokosi ndi kulipira oyang'anira m'madera 229, pomwe ndalama zoyendetsera ofesi zenizenizo zimachokera m'matumba mwa anthu ochepa. Amatinso mzere subisa kanthu. Aliyense amaona utali wake ndi maso, pomwe bokosi likhoza kulowa m'kalasi lili lopepuka n'kutuluka litadzaza. M'zipani zomwe mamembala ake alibe makadi, ndipo kaundula weniweni kulibe, mantha amenewa si opanda pake. Ena amafika ponena kuti munthu wochita manyazi kuonetsa yemwe akumufuna si wachipani weniweni.

Mfundo yomalizayi ndi yomwe imapweteka. Imanenedwa ndi anthu omwe sanayambe apemphapo galimoto ya maliro kwa munthu. Nsalu yomanga kumaso ija imatseka maso a opikisana okha, pomwe maso omwe nthumwi imaopa ndi a mfumu, a gavanala, a mlamu wake wa phungu ndi foni ya mnyamata uja. Kumudzi anthu sabalalika chisankho chikatha. Mawa lake akumana kuchigayo, kutchalitchi ndi kudambwe, ndipo yemwe anaima mzere wolakwika amakumbutsidwa kwa zaka zisanu.

Otsutsa mzere amawonjezera kuti njirayi ndi yomwe imapangitsa kugula mavoti kukhala kosavuta. Lamulo loyendetsera zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa ovota. Pa chisankho chachikulu wogawa ndalama amangoyembekezera mwayi, popeza wolandira akhoza kudya n'kukavotera wina. Pamzere wogawayo amaona yekha ngati ndalama yake yagwira ntchito. N'chifukwa chake usiku wa chipulula nthumwi zina zimagonekedwa pamalo amodzi, kudyetsedwa, n'kuperekezedwa pagalimoto mpaka pabwalo.

Dziko lino linakanganapo kale pa nkhani yofanana ndi imeneyi. Pokonzekera riferendamu ya pa 14 June 1993, boma linkafuna kuti pakhale mabokosi awiri, lina la chipani chimodzi, lina la zipani zambiri. Omenyera ufulu anakana chifukwa zikanaoneka komwe munthu walowera, ndipo pamapeto pake panakhala bokosi limodzi. Ku Kenya nako anayesa kuvota kwa pamzere mu 1988, ndipo anthu anadandaula kuti m'malo ena mzere waufupi ndi womwe unalengezedwa kuti wapambana. Njirayo inathetsedwa pasanapite zaka zambiri. N'zomvetsa chisoni kuti chinsinsi chomwe makolo athu anachimenyera nkhondo pa chisankho cha dziko, zipani zathu zikuchikaniza mamembala awo omwe.

Komabe pali ena, makamaka omwe anayendetsapo zisankhozi, omwe amati kulimbana ndi mzere n'kuphonya nkhani. Iwo amati chipulula chimabedwa tsiku lake lisanafike, pomwe fayilo ya mayina ikulembedwa. Yemwe ali ndi mphamvu yonena kuti eriya iyi ndi yovomerezeka, iyo ayi, wasankha kale phungu, kaya anthu aime pamzere kaya aponye m'bokosi. Malole awiri aja akadavota mwachinsinsi, zotsatira sizikadasintha kwenikweni. Mfundoyi ndi yoona, koma siichotsa inzake. Chipani chikufunika kaundula wodziwika yemwe opikisana onse amuona nthawi ikadalipo, ndipo chikufunikanso bokosi. Kukonza chimodzi n'kusiya chinzake, mayi ngati aja adzapitirizabe kuima komwe mtima wawo kulibe.

Chomwe chimachedwetsa kusintha n'chakuti atsogoleri a zipani samva kuwawa kwenikweni. Bungwe loyendetsa zisankho za dziko siliyendetsa chipulula, ndipo wodandaula amangotsala ndi njira yokatenga chiletso kukhoti ngati ali ndi ndalama ya loya. Woima payekha nthawi zambiri amauza anthu kuti pa uphungu avotere iye koma pa upulezidenti avotere mtsogoleri wa chipani chomwe chinamutaya. Akapambana, sipatenga nthawi kuti alengeze zoti agwira ntchito ndi chipani chakutichakuti, ndipo gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, lomwe limakamba za phungu wochoka m'chipani chomwe anasankhidwira, silimugwira. Ovota nawo alibe pogwira, popeza gawo 64 lowapatsa mphamvu yochotsa phungu linafafanizidwa mu 1995. Kwa mtsogoleri, ndiye kuti wateteza mnzake wokhulupirika pa chipulula, ndipo mpando womwe wataya ubwera wokha pakhomo.

Ngakhale zili choncho, kuyambira pomwe khoti linagamula mu February 2020 kuti pulezidenti azipambana ndi mavoti oposa theka, dera lililonse logawanika limapweteketsa chipani. Amayi okhumudwa savina ndi mtima wonse, anyamata sayenda khomo ndi khomo, ndipo ena tsiku lovota amangopita kudimba. Omwe akuwerenga komwe mavoti a chipani chawo anathawira mu 2025 akuyenera kuyamba ndi madera omwe chipulula chinathera m'miyala ndi m'makhoti.

Pabwalo la sukulu lija, mzere wa aphungu utatha, anaitana ofuna ukhansala. Dzuwa linali litalowa, akuluakulu akuchigawo akufulumira kubwerera kutauni, ndipo theka la nthumwi linali litanyamuka kuthamangira malole. Omwe anatsala anaima mizere iwiri, anawerengedwa ndi kuwala kwa foni, ndipo zonse sizinatenge mphindi khumi. Dziko lino lili ndi mawodi 509, koma za mmene oimira zipani pa ukhansala amasankhidwira, simumva munthu akukangana nazo pawailesi.