Kufooka kosatha pambuyo pa Covid-19: akatswiri akusiyana pati?

Pali anthu amene anachira ku Covid-19 koma mphamvu zawo sizinabwerere. Akalima mizere iwiri mpweya umawathera, amaiwalaiwala, ndipo tulo sawona. Mu Okutobala 2021, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linafotokoza vutoli kuti nthawi zambiri limaoneka patatha miyezi 3 chiyambire kudwala, n'kukhala miyezi yosachepera 2.

Chimene akatswiri sanagwirizanepo ndi gwero lake. Ena amati tizidutswa ta kachilombo timatsalira m'thupi, makamaka m'matumbo, n'kumaputa chitetezo cha thupi. Ganizoli lili ndi poyambira, pakuti mwa ena amene anapulumuka ku Ebola kumadzulo kwa Africa, kachilombo kanapezeka katabisala m'diso ndi mu umuna patapita miyezi. Ena amati chitetezocho chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi mwini wake. Enanso amaloza timibulu ta magazi oundana totseka timitsempha ting'onoting'ono.

Gulu lina limati nkhawa ndiyo imatalikitsa kudwalako. Nkhawa imafooketsadi, koma ganizoli likafika pamudzi limasanduka chitonzo: wodwala amanenedwa kuti ndi waulesi, ndipo abale ena amathamangira kunena kuti walodzedwa.

Kufotokoza kwa WHO kuli ndi mfundo imene ambiri amaidumpha: vutoli limatsimikizidwa pokhapokha zitadziwika kuti palibe matenda ena ochititsa. Choncho amene mwafooka kwa nthawi yaitali pitani kuchipatala mukayezetse TB, shuga, HIV ndi kuchepa kwa magazi. Zonsezi zimafooketsa mofananamo, ndipo chithandizo chake chilipo.