Chambo cha ku Makokola ndi Mapiri a M'njira

Msodzi wa ku Makokola akakocheza bwato lake m'bandakucha, ntchito yake imakhala isanathe. Chambo chagwidwa ndithu, koma ogula ambiri ali kutali, kuseri kwa mapiri. Dera la kumwera kwa Nyanja ya Malaŵi lili m'chigwa, kotero wopita kuvuma kapena kuzambwe ayenera kukwera chitunda.

Kuvuma, msewu wochokera pa boma la Mangochi umaoloka mtsinje wa Shire ndi kukwera mapiri a Chowe polinga ku Namwera ndi ku Chiponde, pa malire ndi Mozambique. Kuzambwe, wofuna kufika msanga ku Lilongwe amadzera ku Golomoti nakwera chitunda cha Khwekhwerere, nakatulukira kufupi ndi Dedza. Misewu iŵiriyi ili ndi phula, koma ndi yokhotakhota. Lole yolemedwa ikamakwera mwaukamba, magalimoto amandanda pambuyo pake chifukwa malo opitirira ndi osoŵa. Ikafera pokhota, onse amaima. Potsika napo pali zoopsa, pakuti mabuleki akatentha amaleka kugwira.

Mlatho wa Bakili Muluzi, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan ndi kutsegulidwa mu 2002, unapeputsa kaolokedwe ka Shire. Komatu walira mvula walira matope: anthu a ku Namwera, Malindi ndi Makanjira onse amakumana pa mlatho womwewo, malole, maminibasi, njinga za kabaza ndi oyenda pansi pamodzi.

Kuchedwa kotere kuli ndi mtengo wake. Madzi oundana amene wogula nsomba waika m'dengu amasungunuka dzuŵa likakwera, ndipo chambo chikayamba kununkha sichigulika. Podziŵa zimenezi, wamalondayo amatsitsiratu mtengo akadali pa doko, kotero wolipira chitundacho ndi msodzi, amene mwina sanachikwerepo n'komwe. Wodwala wochokera ku Namwera kupita ku chipatala chachikulu cha Mangochi amataya choposa ndalama.

Phiri silingasunthidwe, koma zina ndi zotheka: kusapyoza muyeso wa katundu, kuyesa mabuleki asanatsike, ndi kulambula ngalande mvula isanagwe. Mnyamata womaliza sukulu amene akufuna uchiyendetsa galimoto aphunzire zimenezi asanagwire chiwongolero.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za maulendo a pa nyanja, kuyambira pa doko la Monkey Bay.