Kalulu Akakalamba, Musamusunthire Mbale

Kuno ku Mufakose, ku Zimbabwe, kalulu sapatsidwa mpata wokalamba. Ambiri amene amaweta tsuro, monga amamutchulira anzathu Achishona, amamuika mu mphika akangonona. Wathu anapulumuka mpeni chifukwa ana analira, ndipo pano ali ndi zaka 8. Woweta akasamalidwa bwino amatha kufika zaka 10 kapena 12, ndiye wathuyu ndi nkhalamba ndithu. Kasamalidwe kake ndinakadziwira pa malemu agogo aamuna, amene anabwera kuno kuchokera ku Nyasaland nthawi ya chitaganya chija chinatha mu 1963.

Maso awo atachita ng'ala, agogo ankayendabe m'nyumba monse osagunda kanthu. Miyendo inkadziwa njira. Tsiku lina wokolopa anasuntha mpando n'kuiwala kuubweza, agogo n'kugwa. Kalulu ndi chimodzimodzi. Diso likayamba kuyera, amayendera mphuno, ndevu ndi kukumbukira. Mbale ya madzi izikhala pomwe imakhala, chakudya pakona yake yomweyo. Ndi maso abwinobwino omwe, kalulu saona chimene chili patsogolo penipeni pa mphuno yake, poti maso ali m'mbali mwa mutu. Nanga akachita khungu, makutunso n'kugontha? Ukamugwira momudzidzimutsa amaphiriphitha, ndipo msana wake suchedwa kuthyoka. Ine ndimayamba ndagogoda thabwa ngati ndikuodira, kuti amve kunjenjemera kwake, kenako ndimamununkhitsa dzanja. Zomunyamulira makutu zija tisiyire alenje.

Pa mano m'pamene amasiyana ndi agogo. Awo anatha kuguluka, tinkangowaphikira phala. A kalulu, onse 28, amakula moyo wake wonse ngati zikhadabo, ndipo amafupika pokhapokha akamatafuna udzu. Mukamumvera chisoni n'kumangomupatsa madeya ndi zofewa, mano am'kati amasongoka n'kumabaya lilime. Mudzaona dovu pachibwano, akutola tsamba n'kulilavula, nthiti zikuyamba kuwerengeka. Udzu wouma uzichuluka, chisoso ndi kholowa zikhale ngati ndiwo.

Mimba yake ili ngati moto wa pambaula: umafuna kusonkhezera nthawi zonse, ukazima kuuyatsanso ndi ntchito. Kalulu sasanza, ndipo akatha maola 12 osadya kapena osachita ndowe, musadikire kuti kuche. Ku University of Zimbabwe, ku Mount Pleasant, kuli chipatala cha ziweto. Kuchokera kuno ndi makombi awiri, koma bola ulendowo kusiyana ndi kumugawira mankhwala otsala m'kabati. Amoxicillin amene amachiza mwana wanu amapha tizilombo tothandiza m'matumbo a kalulu, kaluluyo n'kufa.

Pali nkhani ina imene oweta ambiri saidziwa. Kalulu amachita ndowe zamitundu iwiri: zouma zozungulira zija timatolera kumunda, ndi zina zofewa zomatana zimene amadya pomwe zikutuluka. Musanyansidwe, n'chimodzimodzi ng'ombe ikamabzikula, chakudya chimadutsa kawiri kuti thupi lipeze zonse. Tsono nyamakazi ikamugwira, sathanso kupinda msana kuti afikeko. Ndowezo zimamatirira paubweya, ndipo kukatentha mu Okutobala ntchentche zimaikirapo mazira. Tsiku limodzi lokha mphutsi zayamba kale kudya khungu. Agogo tinkawapukuta ndi kansalu koviika m'madzi ofunda, ndipo n'zimene ndimachita ndi kaluluyu m'mawa ndi madzulo, kenako n'kumuumitsa bwinobwino. Kumumiza m'beseni ayi. Ngakhale mipopi itauma sabata yathunthu, tikutunga kumjigo, ntchitoyi imangofuna kapu imodzi.

Kuphazi kwake kulibe mnofu wofewa ngati kwa galu kapena mphaka, ndi ubweya basi. Khola la waya pansi, limene timalikonda chifukwa silivuta kusesa, limamutupula zilonda. Yalani saka ndi udzu. Sakalo limathandizanso m'chisanu cha Juni ndi Julaye, ngakhale choopsa kwambiri ndi dzuwa. Kalulu satuluka thukuta ngati ife, kutentha amakutayira m'makutu, ndipo khola la malata masana limasanduka uvuni. Lathu ndinalikokera pansi pa mtengo wa mapeyala.

Agogo ukawafunsa, yankho linali limodzi: "Ndili bwino, mdzukulu wanga." Umadziwira pa nsima imene yabwerera. Kalulu ndiye amaposa pamenepo, poti kutchire nyama yooneka yodwala ndiyo imayamba kugwidwa. Salira, sabuula. Amangodzikundikira pakona, maso atatsinzina pang'ono, akukukuta mano mokweza. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse, tiyi asanapse, ndimagwada pakholapo kuona ngati ndowe zachepa kapena zasanduka ting'onoting'ono. Anzanga oyandikana nawo nyumba amaseka, ati bambo uyu akuwerenga manyi a tsuro. Lero zinalipo zambiri, ndipo chisoso cha dzulo anachimaliza.